Mbiri ya Amayi: tithandizane mawu oti akawerengedwe ku tchalitchi

Wachisamba:
Abale nonse, mwaswera bwanji. Abusa andiimbira kuti pa mapemphero okumbukira Amayi Lamulungu likubwerali atipatsa mphindi 10 zoti mmodzi wa ife awerenge mbiri yawo. Ndayambapo kulemba, koma mutu umodzi susenza denga, ndiye ndati ndiike pano kuti aliyense aponyepo mawu. Ndalowetsanso pagulu pano a mkulu wa mpingo ndi mayi amene ankayenda ndi Amayi m'chigwirizano, chifukwa za ku tchalitchi iwo ndiwo akuzidziwa kuposa ife.

Zimene ndalemba ndi izi. Anabatizidwa ali mtsikana. Anamanga ukwati woyera ndi malemu Bambo, ndipo Mulungu anawapatsa ana 4, mmodzi anatsogola kale. Anaphunzitsa Sande sukulu, anaimba m'kwaya ya amayi, anakhalapo msungichuma wa chigwirizano. Atisiya atapitirira zaka 80, ataona adzukulu ndi zidzukulutudzi. Vesi ndasankha Miyambo 31 kuyambira ndime 10. Pamene palakwika konzani.

Mwana wachiwiri:
Zikomo achimwene poyamba ntchitoyi. Cholakwika palibe, koma ndawerenga kawiri ndipo Amayi sindinawapezemo. Mutachotsa dzina lawo n'kuikapo la mayi wina aliyense wachikulire wa mu mpingo, palibe amene angadabwe. Maudindo amenewo ambiri anakhalapo nawo.

Ine ndikatseka maso ndimawaona Loweruka masana, mawa lake kuli Mgonero. Ankanditenga kupita ku tchalitchi kulibe munthu, n'kutulutsa timakapu tonse ta Mgonero m'kabati. Kalikonse ankakatsuka pakokha, kukalowetsa chala m'kati, kukayang'anitsa chakuwala kwa windo, kenako n'kukavundikira pa nsalu yoyera imene ankaichapa okha. Ine ntchito yanga inali kuwerenga. Tsiku lina ndinatopa ndipo ndinanena kuti, Amayi, ndani angaone kuti kamodzi sikanayere bwino? Sanandikalipire. Anangonditambasulira kakapuko n'kunena kuti, "Mwerapo iwe poyamba." Ndinakabweza m'madzi.

Ntchito imeneyo sinalembedwe m'buku lililonse la mpingo, komatu anaigwira mpaka manja atayamba kunjenjemera.

Mayi wa chigwirizano:
Moni ana anga nonse. Zikomo pondikumbukira. Zimene anena achemwali anuwa n'zoona. Ndiwonjezere za mabuku a nyimbo. Buku likang'ambika msana ena ankangoliponya pakona, koma mayi anu ankapita nalo kunyumba, kulisoka ndi singano ndi ulusi, sabata yotsatira labwerera pa benchi. Mpaka lero mukatsegula mabuku akale aja pakati mupeza ulusi wakuda. Ndi dzanja lawo limenelo.

Pokayendera odwala sankakonda kulankhula zambiri. Ife tikayamba nyimbo, iwo maso ali pa zofunda za wodwalayo. Tikamatsanzikana mumangoona atsalira, anyamula beseni, akufunsa kumene kuli madzi.

Mdzukulu wophunzira zaubusa:
Amalume, ndipemphe mwaulemu kuti tiganizirenso vesi. Miyambo 31 ndi yabwino, koma pomva zimene amayi anga ndi agogo a chigwirizanowa akunena, mtima wanga wathamangira ku Machitidwe 9, ndime 36 mpaka 42. Ndi nkhani ya Tabita, amene dzina lake lina ndi Dorika, wa mu mzinda wa Yopa. Atamwalira anatuma anthu awiri kukaitana Petro ku Lida. Chimene chimandikhudza ndi chakuti Petro atafika m'chipinda chapamwamba chija, akazi amasiye sanamuwerengere maudindo a Dorika. Anaimirira akulira n'kumamuonetsa malaya ndi zovala zimene anawasokera. Umboni wake unali m'manja mwawo, mwina ena atauvala.

Onaninso 1 Timoteo 5, ndime 9 ndi 10. Paulo akunena za mkazi wamasiye wa zaka zosachepera 60 woyenera kulembedwa mu mpingo, ndipo zimene akutchula zonse ndi za manja: analera ana, analandira alendo, anasambitsa mapazi a oyera mtima, anathandiza osautsidwa. Agogo ali m'menemo mutu ndi miyendo yomwe.

Ndiye bwanji tichite ngati amasiye aja? Aliyense atchule chinthu chimodzi chimene angachinyamule m'manja n'kunena kuti ichi n'cha Agogo.

Mwana wachiwiri:
Wanena bwino mwana wanga. Za kusokazo zandikumbutsa makina awo a Singer opalasa ndi phazi aja. Tonse 4 mayunifomu athu a sukulu anatuluka pamenepo. Usiku tikagona tinkangomva phokoso lake kuseri kwa khoma, mpaka ine ndinazolowera moti likasiya ndimadzidzimuka. Kodi makina aja anathera kuti? Ndinapita chaka china n'kupeza pamalo pake pali mpando chabe. Nditafunsa anangoti, "Anapita kukagwira ntchito ina."

Wachisamba:
Nanenso anandiyankha chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti anapatsa munthu wina wovutika, monga mwa khalidwe lawo. Ndinafuna kuwagulira ena koma anakana, amati maso atha.

Mpongozi:
Alamu anga nonse, ndilankhulepo ine wobwera. Ndinena mosabisa chifukwa ndikudziwa kuti Amayi bodza ankadana nalo ngakhale lowakomera.

Zaka zanga zoyamba m'banja lino sizinali zophweka. Apongozi anga anali munthu wovuta kumusangalatsa. Ndikachapa, ankabwerezanso makolala. Ndikachedwa kulowa m'tchalitchi sankanena kanthu, koma kandiyang'anidwe kake kankandikwanira sabata yonse. Ndinkalira kuchipinda, ndipo bambo a ana angawa ndi mboni kuti kawiri konse ndinalongedza chikwama. Anthu akamalalikira za Rute ndi Naomi ine ndinkangoweramitsa mutu, chifukwa mumtima mwanga munalibe mawu akuti kumene mupite ndipita komweko.

Zinasintha pamene ndinapita padera mimba yachiwiri n'kudwala kwambiri. Mayi anga ondibereka anali kutali. Ndinatsitsimuka usiku m'chipatala n'kumva munthu akundipukuta milomo ndi kansalu konyowa. Anali iwo. Anakhala pambali pa bedi langa masabata 3, akugona chokhala. Ankandisambitsa ngati khanda, ndipo zimene anaona m'masiku amenewo sanauzepo munthu. Tsiku lotuluka, akundimanga nsapato chifukwa sindinkatha kuwerama, ananena osandiyang'ana kuti, "Ndinkakuumira mtima, mwana wanga. Undikhululukire." Munthu wamkulu ngati uja kupepesa kwa ine.

Kuuma kwawo sikunathe, ayi. Makolala anapitiriza kubwereza mpaka ukalamba. Koma kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti ndili ndi mayi. Ngati n'kotheka mbiriyi isawasandutse mngelo. Inene kuti anali wolimba, nthawi zina mopitirira, ndipo ankadziwa kupepesa.

Mdzukulu wakutali:
Ine sinditha kufika Lamulungu, mtima ukundiwawa. Chonde wina adzandiimbire pa vidiyo nthawi yowerenga mbiri.

Changa chonyamula m'manja ndi mauthenga a mawu amene ali mufoni mwangamu. Mayi aang'ono ankawagwirira foni, iwo n'kumapemphera ngati ndili pomwepo. Akati Amen ankakhala chete kudikira kuti nanenso ndivomere, ndiye kumapeto kwa uthenga uliwonse kuli kachetechete, kenako mawu awo akufunsa kuti, "Wamva kodi?" Ndili nawo 9. Sindinafufute ngakhale umodzi.

Mzime:
Ndakhala ndikuwerenga kuyambira m'mawa osayankha. Zonse mwanenazi n'zokoma ndipo n'zoona. Koma zonsezi ndi za Amayi ali ndi mphamvu. Palibe amene watchula zaka 3 zomaliza, ndipo ndikuona ngati Lamulungu tidzazilumphanso, ngati kuti Amayi anamwalira tsiku limene anasiya kupita ku tchalitchi.

Ine ndinali nawo. Ndinawaona akuyamba kuiwala pamene aika makiyi, kenako mayina a adzukulu, kenako langa. Chaka chomaliza ankanditchula kuti "mayi inu". Ndikawasambitsa ankandithokoza mwaulemu ngati mlendo, n'kundifunsa ngati kwathu ana ndawasiya ndi ndani. Dzuwa likamapendeka ankayamba kusakhazikika. Ankamanga zovala m'kansalu, kuima pakhomo, amvekere ana sanabwere ku sukulu, ndikawatenge. Ana ake ndi inuyo achimwene, a imvi kale. Usiku wina ndinawapeza panja mvula ikugwa akuitana dzina la malemu achimwene athu achitatu. Kuyambira tsiku limenelo ndinkagona pakhomo pa chipinda chawo.

Sindikunena izi kuti mundithokoze. Koma achimwene ndi achemwali, ndalama munkatumiza, sindikana, pamene chimene ndinkasowa ine chinali munthu woti akhale nawo usiku umodzi kuti ndigone. Ndipo a mpingo, mundikhululukire, chaka choyamba munkabwera, chachiwiri mwa apo ndi apo, chachitatu Mgonero unafika kunyumba kuno kamodzi kokha. Munthu amene anatsuka timakapu tija moyo wake wonse.

Mwana wachiwiri:
Mng'ono wanga, ndilibe poyankhira. Ndinkabwera masana n'kubwerera madzulo, ndipo ndinkadziuza kuti ndi chifukwa cha ntchito. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Tsiku limene anandiyang'ana n'kufunsa iwe kuti mlendoyu ndi ndani, ndinalira njira yonse, ndipo kuchokera pamenepo ndinkafupikitsa maulendo. Iwe unalibe kothawira. Pepa.

Wachisamba:
Mlongo wanga, nkhani imeneyi bwenzi tikanakambirana patokha, osati pamaso pa ana ndi a mpingo.

Mzime:
Achimwene, patokha ndinayesa kangapo. Munkati tidzakambirana mukadzabwera.

Mkulu wa mpingo:
Ndiloleni ndilowererepo, bambo. Mayiwa sanalakwe kunena pano, chifukwa mbali ina ya mawu awo ndi ya ife. Ndayang'ana m'kaundula wa maulendo a odwala ndipo ndi momwemo. Tinawayendera pamene ankatizindikira, ndipo atasiya kutizindikira tinayamba kuona ngati ulendowo ulibe phindu. Tinalakwa. Yesaya 46 ndime 4 imati Mulungu adzatinyamula mpaka ukalamba ndi imvi, ndipo sinaike malire akuti pokhapokha tikamakumbukira. Mpingo unayenera kukhala manja a lonjezo limenelo. Ndikaitula nkhaniyi pa msonkhano wa akulu a mpingo, chifukwa tili ndi okalamba ena 4 amene sakutulukanso m'nyumba, ndipo mwina owasamalira akumva chimodzimodzi koma alibe ponenera. Pepani mayi.

Mdzukulu namwino:
Azakhali, ine ndinaona zimene munkachita ndipo ndikudziwa kulemera kwake. Ndifotokozeko pang'ono, chifukwa ndamva ena m'banja mwathu momwe akunena kuti Agogo anataya chikhulupiriro kumapeto, poti ankakalipa ndi kukana kupemphera masiku ena.

Amene aja anali matenda. Dzina lake ndi dementia, ndipo mtundu wofala kwambiri ndi umene anaufotokoza dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, mu 1906. Si ukalamba wamba. Timaselo ta mu ubongo timawonongeka pang'onopang'ono, ndipo mbali imene imasunga zinthu zatsopano ndiyo imayamba kugonja. N'chifukwa chake ankaiwala kuti angosamba kumene koma n'kumakumbukira bwinobwino za utsikana wawo. M'maganizo mwawo anali atabwerera ku zaka zimene bambo anga anali pa sukulu, ndiye kuima pakhomo kuja sikunali kupenga, anali mayi amene akudikira ana ake. Kusakhazikika kwa madzulo nakonso n'kodziwika pa matendawa. Kukalipa kumabwera chifukwa cha mantha: taganizani munthu amene simukumudziwa akukuvulani zovala kuti akusambitseni. Mankhwala ochiritsiratu sanapezeke, alipo ongochepetsa zizindikiro kwa kanthawi.

Koma pali china chimene ndikufuna azakhali anene okha. Nyimbo zimene munthu anaziimba kwa zaka zambiri nthawi zambiri zimatsalira ngakhale mayina atapita. Azakhali, auzeni za kubafa.

Mzime:
Ndinazitulukira mwangozi. Tsiku lina ankakana kusamba, atagwira chitseko ndi manja onse awiri. Ine kutopa, ndinangokhala pa mpando n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ina ya m'buku, yongodzitonthoza ndekha. Ndinangomva kumbuyo kwanga alito yalowa. Anaimba ndime zonse, ngakhale yachinayi imene ine sindiidziwa, mawu osaphonya ngakhale amodzi. Manja anachoka pachitseko okha. Kuyambira pamenepo kusamba kunali ndi nyimbo, kumwa mankhwala ndi nyimbo, kugona ndi nyimbo.

Salmo 23 nalonso silinachoke. Ndikayamba mzere woyamba, iwo ankamaliza lonse. Pemphero la Ambuye chimodzimodzi. Sabata yomaliza mawu anali atatha, koma ndikamaimba chala chawo chinkagunda pa bulangete motsatira nyimbo. Usiku umene anatisiya ndinali nditagwira dzanja limenelo, ndipo ndinamva chala chikuchedwa, chikuchedwa, mpaka chinaima.

Ndiye amene akuti anataya chikhulupiriro abwere adzandifunse ine. Anaiwala dzina langa, koma la Mbusa wawo sanaliiwale.

Wachisamba:
Ndakhala kaye chete kuti ndiwerengenso. Mlongo wanga, ndinayankha mofulumira ndipo ndinayankha molakwa. Mwana wa mlongo wathuyu watchula 1 Timoteo 5, ndiye ndatsegula ndekha. Pamwamba pa ndime zimene watchulazo pali ndime 4, yonena kuti ana ndi adzukulu ayambe aphunzira kuchitira ulemu a m'banja lawo ndi kubwezera akuwabala. Ine ndinabwezera ndi foni. Iwe unabwezera ndi msana wako. Zaka 3 zimenezo zilowa mu mbiri, ndipo ndikupempha kuti gawo limenelo udzawerenge ndiwe ngati ungakwanitse.

Mzime:
Ndiyesa. Ndikalephera adzapitirize namwino wathuyu.

Tsono popeza mwati aliyense abweretse chonyamula m'manja, ine ndatsegula Baibulo lawo. Mukulidziwa, lija lachikuto chothetheka lomanga ndi kachingwe. Ndakutumizirani zithunzi 3 za masamba akumapeto. Onani bwino.

Mdzukulu wakutali:
Mayo ine. Awa ndi mayina athu tonse.

Mzime:
Eya. Analemba ndi pensulo, kuyambira ana, apongozi, adzukulu, mpaka zidzukulutudzi zimene anaziona asanadwale. M'mawa uliwonse kusanache ankakhala m'mphepete mwa bedi, magalasi pamphuno, chala chikutsika dzina ndi dzina, milomo ikugwedera. Amene anamwalira anawaikira kamtanda. Pena pali timawu tating'ono pambali: "mayeso", "ntchito", "mwana", "chifuwa". Yankho likabwera ankadula mzere pa kamawuko, dzina n'kulisiya. Alamu, pambali pa dzina lanu pali mawu akuti "andikhululukire", ndipo ndi odulidwa.

Mpongozi:
Ndaona. Sinditha kulemba panopa.

Mwana wachiwiri:
Pa chithunzi chachiwiri chakumunsi pali dzina limene lada kwambiri kuposa ena, mpaka pepala labooka. Ndi la mwana wa malemu achimwene, si choncho?

Mzime:
Ndi lake. Chala chikamadutsapo tsiku ndi tsiku pensulo inkafufutika, ndiye ankabwerezanso. Ena onse anabwereza mwina kawiri. Ili ndi limene ankaimapo nthawi yaitali. Pambali pake palibe mawu alionse.

Mdzukulu wophunzira zaubusa:
Izi zandikumbutsa Monica, mayi wake wa Augustine, mphunzitsi wotchuka wa mpingo wakale, wa ku Thagaste m'dziko limene lero ndi Algeria. Anamulirira mwana wake m'mapemphero zaka zambiri, mpaka anamulondola kuwoloka nyanja kukafika ku Milan. Augustine anabatizidwa ndi bishopu Ambrose mu 387, ndipo chaka chomwecho Monica anamwalira ku Ostia ali ndi zaka 56. Iye anaona yankho ndi maso ake. Agogo sanalione, koma msuweni wanga, ndikuona kuti uli pagulu pano ndipo mauthenga ukuwerenga. Pemphero silifa ndi mwini wake.

Mzime:
Mwana wanga, ulaliki usunge kaye. Musiyeni. Amayi sanamukakamizepo, ifenso tisamupanikize pagulu. Akafuna alankhula.

Mdzukulu namwino:
Pamene tikudikira, za Baibulolo tigwirizane. Ine maganizo anga ndi oti likhale kwa azakhali, chifukwa ndi kumene Agogo anathera. Ena tonse tijambulitse masambawo. Ndipo chonde musalimate ndi selotepi, imadya pepala pakapita nthawi.

Wachisamba:
Ndavomera. Likhale komweko.

Mwana wa malemu wachitatu:
Bambo aakulu, azakhali, ndi nonse. Ndalemba ndi kufufuta kambirimbiri kuyambira masana.

Mukudziwa kuti bambo atamwalira anandilera ndi Agogo. Ndinkagona m'chipinda chawo mpaka nditakula, ndipo pemphero la m'mawa lija ndinkalimva ndili m'bulangete, dzina langa likutchulidwa. Mukudziwanso kuti ndinachoka osatsanzika, ndipo pa maliro ndinaima kumbuyo n'kubwerera osapatsa munthu moni. Chimene simukudziwa ndi chifukwa chake.

Makina aja sanapatse munthu. Nthawi imene anali msungichuma, ndalama za chigwirizano ankasunga m'kachitini pansi pa zovala m'sutikesi. Ine ndinkadziwa malowo. Ndinali nditayamba mowa ndi juga, ndili ndi ngongole kwa anthu oopsa. Ndinatenga zonse, kutatsala sabata imodzi kuti akapereke lipoti. Atazindikira sanakuwe. Anandiitana kuchipinda, anatseka chitseko, n'kundifunsa kamodzi kokha. Ndinakana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Chabwino, pita ukagone." Patapita masiku awiri ndinaona anthu akunyamula makina. Ine ndinaima pawindo n'kumaonerera. Iwo anapukuta kaye makinawo ndi kansalu, n'kuika mafuta ake ndi masingano otsala m'kadirowa kuti wogulayo asavutike.

Sindinathe kukhalanso m'nyumba imeneyo. Akanandimenya kapena kundineneza kwa inu bwenzi zili bwino. Koma m'mawa mwake ndinamvanso dzina langa m'pemphero, mawu ake omwe aja, osasintha. Ndinathawa zimenezo.

Mowa ndinasiya, chaka chino n'chachiwiri. Ndinkati ndikasonkhanitsa ndalama ya makina ndipita ndikagwade. Nditamva kuti sakuzindikiranso anthu ndinati ndachedwa. Lero ndaona pepala lobooka lija.

Mayi wa chigwirizano:
Mwana wanga, ine ndinkadziwa. Ndine ndinawaperekeza kwa wogula makinawo. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ndipo ndasunga mpaka lero. Ndalama za amayi zinakwana zonse pa tsiku la lipoti, ndipo chaka chomwecho anapempha kuti udindowo aupereke kwa wina. Tikubwerera ndinawafunsa kuti bwanji osauza ana anu akuthandizeni. Anati, "Akadziwa adzamutaya, ndipo mwana wamasiye akatayidwa ndi abale satoledwanso. Makina ndi chitsulo." Sanakutchule ndi mkwiyo ngakhale tsiku limodzi. Ankangofunsa ngati wina wakuonako, ndiponso ngati wanenepa kapena waonda.

Mwana wachiwiri:
Ndiye ntchito ina imene makina anapita kukagwira ndi imeneyi. Amayi inu.

Wachisamba:
Mwana wanga, ndikanamva nkhaniyi nthawi imeneyo, zimene Amayi ankaopazo ndikanachitadi. Ankandidziwa. Lero sindingatsegule mlandu umene mwini wake anautseka ndi makina ake. Ndiwe mwana wa mng'ono wanga, ndipo malo ako Lamulungu ali pa benchi ya banja, pambali panga.

Za makinazi siziwerengedwa ku tchalitchi pokhapokha iwe utafuna. Ndipo ndikupempha tonse pagulu pano, zithere pompano.

Mkulu wa mpingo:
Kumbali ya mpingo palibe ngongole. Mabuku anatsekedwa bwino chaka chimenecho. Bwera udzapemphere nafe.

Mwana wa malemu wachitatu:
Zikomo bambo aakulu. Musawerenge dzina langa, koma munene kuti anagulitsa makina awo chifukwa cha mdzukulu. Anthu adziwe kuti sanangotayika. Ndalama imene ndinasonkhanitsa ilipo. Ngati amayi a chigwirizano angalole, ndikufuna ndigule makina ena akhale ku tchalitchi, azisokera amasiye ndi ana.

Mayi wa chigwirizano:
Ndikawauza amayi Lachinayi. Sindikuona amene angakane. Malo alipo m'chipinda chimene timasungira mabuku a nyimbo.

Mzime:
Mwana wa achimwene, pali china chimene sindinanene. Madzulo aja akamaima pakhomo n'kumati ana sanabwere, ndinkawatchulira mayina kuti ndiwakhazike mtima pansi. Ndikati achimwene aakulu afika, ankavomera. Achemwali afika, ankavomera. Ndikatchula iwe ankapukusa mutu, amvekere, "Ameneyo sanalowe, musakhome chitseko." Ndiye ndinkakhoma mochedwa, iwo atagona.

Usadikire Lamulungu. Bwera Lachisanu udzagone kuno, bedi lako lija lilipo. Loweruka masana tipita limodzi ndi azakhali ako kukatsuka timakapu, poti abusa ati Lamulungu kulinso Mgonero.

Mwana wa malemu wachitatu:
Ndifika Lachisanu, mwina kutada chifukwa ndiweruka mochedwa.

Mzime:
Ngakhale pakati pa usiku. Ukayandikira undiimbire ndidzayatse nyale ya panja.

Wachisamba:
Ndilembanso zonse usiku uno ndipo ndiziika pano mawa m'mawa kuti muonenso. Vesi tatenga Machitidwe 9. Mlongo wanga wamkulu, unditumizire za timakapu zija monga unalembera. Amene muli ndi chovala chimene Amayi anasoka, ngakhale chothina kapena chong'ambika, mubwere nacho.

Mpongozi:
Ine ndili ndi kadiresi ka ubatizo ka namwino wathuyu. Ndikachapa mawa, kolala yomwe.